Mfuu ya Pansi pa Mchombo

Burma,
14 Okutobala 1945

Kwa a Cornelius Nkhoma, mphunzitsi,
Mudzi wa Mkanthama, Nambuma.

Alamu,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa mlongo wanu Natalia amene ali mkazi wanga, ndi kwa mwana wanga Regina amene sindinamuonepo ndi maso. Ine kuno ndili moyo, manja ndi miyendo zonse zilipo. Ndikufuna kumva ngati nonse muli bwino, ngati fodya wamera ku nazale, ndiponso ngati denga la nyumba yanga lifoleredwa mvula isanagwe.

Nkhondo inatha, monga munamva kale, ndipo tsopano akutilola kutchula dziko limene tili. Ntchito imene ife asilikali a Keyala tatsala nayo ndi kulondera Ajapani amene anatula zida. Iwo amakonza misewu, ife n'kuima chapatali ndi mfuti. Za sitima yotibweza kwathu amangoti ikubwera.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kukuuzani, podziwa kuti inu mumakonda kumva za anthu a mitundu ina. Pakati pa akaidi athu pali bambo wina wa imvi zoyamba kumene, dzina lake Higa, wochokera pa chilumba chotchedwa Okinawa. Tsiku lina m'mamawa ndili pa ulonda, ndinamuona kuseri kwa msasa wawo ataima yekha wopanda nsapato, akuponya nkhonya ndi mapazi m'malere mwadongosolo, ngati munthu womenyana ndi adani osaoneka. Atafika pena anafuula kamodzi kokha. Alamu, mizinga ndaimva yambiri, koma mfuu imeneyo itatuluka ndinangopeza mfuti ili kale m'manja. Inali yaifupi ngati kuthyoka kwa mtengo wouma, ndipo itatha munthuyo anali phee, mpweya uli m'malo mwake.

Ndinaitanitsa mkaidi wina wodziwa Chingerezi kuti atimasulire. Higa anati luso limeneli kwawo amalitcha karate, kutanthauza dzanja lopanda kanthu, ndipo mfuuyo amaitcha kiyayi. Pa liwu lachiwirili womasulira anavutika, kenaka anatchula liwu la Chingerezi lija limene inu munandiphunzitsa kuti m'chinenero chathu ndi mzimu. Choncho ine ndikuti ndi mfuu ya mzimu, kapena kusonkhanitsa mzimu pamodzi.

Ndinamufunsa ngati ndi yofanana ndi mfuu imene asajeni amatiphunzitsa pobaya thumba la udzu ndi mpeni wa kumfuti. Anati ndifuule amve. Nditafuula anaseka, nati kudzera mwa womasulira, "Imeneyo ndi ya galu wa pakhomo. Yachokera pakhosi. Ukufuna kuopseza mnzako chifukwa iwe wayamba kale kuopa." Ndinakwiya, koma m'mawa mwake ndinapitakonso. Tsopano amandiphunzitsa ulonda wanga ukatha, ine n'kumamupatsa ndudu zanga.

Muwauze mayi a Regina kuti ndawagulira nsalu ya kuno. Kodi mwanayo wayamba kuyankhula?

Ndine mlamu wanu,
Kopolo Simeon Mbewe


Mkanthama, Nambuma,
2 Disembala 1945

Kwa Kopolo Simeon Mbewe.

Alamu,

Landirani moni wochokera kwa ine, kwa Natalia ndi kwa mbumba yonse. Kalata yanu ya Okutobala inafika m'thumba la makalata a ku mishoni, ndipo tinathokoza Mulungu pomva kuti muli moyo ndi thupi lathunthu. Mvula inayamba bwino, fodya tawoka, denga la nyumba yanu ndinafoleretsa. Regina akuyankhula, ndipo liwu limene waligwira msanga kuposa onse ndi lakuti ayi. Mutiuze ngati za sitima zamveka.

Natalia ndinamuwerengera kalata yonse kupatula ndime za Higa. Ndiyenera kukufotokozerani chifukwa chake mwadongosolo, kuti musaganize kuti ndachita mwachipongwe.

Sabata imene kalata yanu inafika ndinapita ku msika wa Nsaru kukagula mchere. Kumeneko ndinakumana ndi a Frackson, amene munali nawo gulu limodzi ndipo anawabweza msanga chifukwa cha mwendo. Anandiitana pakati pa anthu. "Aphunzitsi, akamwini anu aja abwerera ku zakwawo, eti? M'mamawa amavula nsapato, n'kuzembera kuseri ndi adani, n'kumalira ngati chilombo chotuluka kudambwe. Ndinamva ndi makutu angawa. Ine ndine wa mpingo wa Dachi, sindinama." Ndinawayankha kuti dzina la mpingo si umboni, anthu n'kuseka. A Frackson amakonda anthu akawazungulira, ndipo mawu awo okha sindikanawalabadira. Chovuta n'chakuti nditabwerera kunyumba ndi kuwerenganso kalata yanu, ndinapeza kuti mboni yachiwiri ndinu nomwe.

Kumbukirani mmene munalowera m'mudzi muno. Pamene munadzafunsira Natalia munali munthu wa gule, wometa ku dambwe la kwanu ku Kabudula. Amalume athu anakana. Ine ndi amene ndinaimirira n'kunena kuti munthu akhoza kusiya, ndipo ndinakuphunzitsani ndekha katekisimu mpaka munabatizidwa. Munalonjeza pa guwa, munalonjezanso kwa ine monga nkhoswe ya mlongo wanga, kuti za mizimu ndi zilombo mwazisiya. Choncho mukalemba ndi dzanja lanu kuti mukuphunzira mfuu ya mzimu, sindingadutse ngati sindinaone.

Ndikufunsani, ndipo muyankhe molunjika: mzimu umenewu ndi wa yani? Ngati ndi wa akufa, mukudziwa kale chimene mpingo umaphunzitsa. Ngati mukuti ndi wa Mulungu, umenewo sugulidwa ndi ndudu kwa munthu wosabatizidwa. Ngati ndi wanu womwe, ndiye unamwazikira kuti, kuti ufunike mlendo wodzausonkhanitsa? Njira yachinayi sindikuiona, koma ngati ilipo mundionetse.

Ndili ndi nkhawa inanso ya mtundu wina. Anthu amenewa miyezi yochepa yapitayo ankafuna kukuphani. Munthu wogonja akayamba kuphunzitsa womulondera pamalo obisika, ine ndimafunsa chimene akufuna kwenikweni. Ndudu zokha sizikundikwanira ngati yankho.

Sindinaweruze kanthu. Ndikudikira mawu anu.

Mlamu wanu,
Cornelius Nkhoma


Burma,
6 Disembala 1945

Kwa mkazi wanga Natalia Nankhoma.

Mayi a Regina,

Moni. Kodi muli bwanji, inu ndi mwana? Kalata imene ndinalembera achimwene anu mu Okutobala sinayankhidwebe, ndiye ndati ndilembere inu, muwerenge nokha pang'onopang'ono monga munkawerengera buku la mapemphero. Mundiuze ngati chimanga chamera ku munda wa kutsidya, ndi ngati amayi anga anabwerako kuchokera ku Kabudula kudzaona mdzukulu wawo.

Ndikhulupirira kuti alamu anakuuzani za Higa. Maphunziro akupitirira. Masabata oyamba sanandilole kufuula n'komwe. Ankangondiimika miyendo yotangadza, n'kundiika dzanja langa pansi pa mchombo, nati mzimu wa munthu umakhala pamenepo, osati m'chifuwa. Ndikapuma phewa n'kukwera, ankandimenya paphewa ndi kamtengo. Tsopano mfuu yayamba kutsika. Dzulo itatuluka, Higa sanaseke. Anangoti, "Lero ndamva munthu."

Mwambo wake ulipo. Pamalo pamene timaphunzirira sitipondapo ndi nsapato. Timawerama polowa, timaweramanso potuluka. Higa akuti ali mnyamata ankaphunzira mobisa, pabwalo la manda a makolo awo, ndipo mphunzitsi wake ankaletsa kuonetsa zimenezi kwa anthu ongofuna kuonerera. Inenso wandiletsa. A Frackson asanachoke ankabwera kudzasuzumira, n'kumandifunsa kuti, "Kopolo, nyama yanji imeneyi?" Ine ndinkangopitiriza zanga.

Mayi a Regina, pali zimene sindinakulembereni chiyambire, chifukwa makalata athu ankayamba awerengedwa ndi azungu, komanso chifukwa sindinkadziwa ponyamulira. Ndidzakuuzani pakamwa. Lero ndingoti tsopano ndikudya bwino ndipo ndikugona ngati kale. Ndikadzafika mudzaona kuti ndine munthu wina, osati amene mukanamulandira ndikanabwera nkhondo itangotha.

Mumuuze Regina kuti ali ndi bambo, ndipo kuti bamboyo akubwera.

Mwamuna wanu,
Simeon


Mkanthama, Nambuma,
20 Januwale 1946

Kwa Kopolo Simeon Mbewe.

Alamu,

Moni. Tonse tili bwino, kupatula chifuwa chimene chinamugwira Regina pa Khirisimasi, koma chinatha. Amayi anu anabwera, anagona masiku angapo. Tikufunabe kumva za sitima.

Ndikuona kuti kalata yanga ya Disembala ndi yanu yopita kwa Natalia zinadutsana panjira. Kalata ya Nataliayo inafikira m'manja mwanga pamodzi ndi makalata a sukulu, ndipo ndinaitsegula. Ndikunena zimenezi poyera kuti musadzazimve kwa wina. Ndinaona kuti udindo wanga ukundilola, poganizira zimene ndinali nditamva kale.

Ndinaiwerenga ndikufunafuna mawu amodzi ondichotsa nkhawa. M'malo mwake ndinapeza malo osapondapo ndi nsapato, kuwerama polowa ndi potuluka, chinsinsi chosaonetsa kwa osalowa, ndi bwalo la kumanda. Inu amene munakulira ku Kabudula mukudziwa bwino kuposa ine chimene chimasonkhana m'nkhalango ya manda, ndi chimene chimabisidwa kwa osameta. Mukasintha dzina la chinthu n'kulitchula m'Chijapani, koma malo, mwambo ndi kulira kwake n'kukhala komweko, ine ndiyenera kuganiza kuti ndi chinthu chomwecho. Pomaliza mwalemba nokha kuti mukubwera muli munthu wina. Ine mlongo wanga ndinamupereka kwa munthu amene ndinkamudziwa.

Chigamulo changa ndi ichi. Ukwati wanu ndi sakalamenti, ndipo ine ndilibe mphamvu youmasula. Koma nyumba ili m'mudzi mwathu, ndipo Regina ndi wa mbumba yathu. Mukadzatsika, mupite kwa amayi anu ku Kabudula. M'Mkanthama musalowe kufikira nkhaniyi itamvedwa pamaso pa akuluampingo. A Clement, amene amatsogolera tchalitchi chathu chaching'onochi, sindinawauzebe, pofuna kukupatsani mpata woyankha.

Natalia ndamuuza zonse. Iye anati, "Achimwene, munthu wopulumuka ku mizinga mukamuimitse kutsidya kwa mtsinje chifukwa cha kukuwa? Nanga inu mukamakuwira ana kusukulu, umakhala mzimu wa yani?" Ndinamuyankha kuti nkhaniyi si yoseka. Chiyambire tsiku limenelo amandipatsa moni wokhawokha.

Zikundipweteka kulemba motere, koma ndingakonde kuti mundikwiyire ndili maso kusiyana n'kuti mundiyamike ndili m'tulo.

Mlamu wanu,
Cornelius Nkhoma


Burma,
17 Febuluwale 1946

Kwa a Cornelius Nkhoma.

Alamu,

Moni kwa inu ndi kwa onse. Ndathokoza kumva kuti chifuwa cha mwana chinatha. Makalata anu awiri andipeza tsiku limodzi. Sitima yamveka: tikwera mwezi ukubwerawu, ndipo yankho lanu mulitumize ku kampu ya ku Zomba.

Munafunsa kuti ngati mzimuwo ndi wanga womwe, unamwazikira kuti. Funso limenelo ndilo ndingathe kuyankha.

Chaka chatha chisanafike, m'nyengo ya mvula, tinayenda m'chigwa china cha nkhalango yowirira kumene mdani sankaoneka koma ankamva chilichonse. Lamulo linali lakuti pasamveke liwu, ngakhale kutsokomola. Munthu ankatsokomolera m'chipewa. Tsiku lina masana Nicholas wa ku Mpingu, amene tinkadyera mbale imodzi, anawomberedwa ali pambali panga. Adani anali pafupi kwambiri moti tinkamva kuyankhula kwawo. Anandigwira dzanja mpaka anasiya, ndipo ine sindinatulutse liwu, chifukwa ndikanatero tikanatha tonse. Kulira kumene kunayenera kutuluka tsiku limenelo kunakhala m'chifuwa ngati mwala. Nkhondo itatha ndinapeza kuti pa perete sindikutha kulamula. Ndikatsegula pakamwa, pankatuluka mawu a nkhuku yonyowa. Chakudya chinkaima pakhosi. Higa anaona zimenezi ine ndisanamuuze. Kumeneko ndiko kumene unamwazikira.

Tsopano za mfuuyo. Higa akuti imakula ndi munthu. Wophunzira watsopano amafuula ndi khosi, mawu ambiri mphamvu palibe, ndipo madzulo kukhosi kumamupweteka. Akazolowera, mpweya umatsikira pansi pa mchombo, mimba n'kulimba, ndipo mfuu imachokera kumeneko. Ntchito yake apa ndi yoonekeratu: thupi lonse limagwira pamodzi nthawi imodzi, ndipo wina akakumenya pamimba nthawi imeneyo sugwa. Chovuta kwambiri ndi nthawi yake. Mfuu ikatsogola nkhonya, wachenjeza mdani. Ikatsalira, ukungodzitama. Iyenera kufika pamodzi ndi nkhonya, n'kutha pomwepo. Ine ndili pamenepa, ndipo ndimalakwitsa kawirikawiri. Akutinso akuluakulu a luso limeneli amafika poti mfuu imachitika yonse koma osamveka. Zimenezo sindinazione.

Ndinabwerera kwa Higa ndi funso lanu lakuti mzimuwo ndi wa yani. Womasulira atamuuza, Higa anauzira m'chikhato chake, kenaka n'kundidina pamimba ndi chala. Womasulira anabwerezanso liwu lomwe lija la Chingerezi. Kupitirira apo sindidziwa. Za manda anati kwawo manda a banja amakhala ndi kabwalo kosalala kozunguliridwa ndi mpanda wa miyala, ndipo kunalibe malo ena oti anthu aphunzire popanda owasokoneza. Zimene akufuna kwa ine, alamu, ndi izi: chilumba chake chinapsa ndi nkhondo, ndipo sakudziwa ngati mkazi wake ndi ana ali moyo. Akuti akamaphunzitsa amaiwala kufunsa.

Za gule sindinena zambiri. Ndinasiya, koma zimene ndinaona kumeneko sindiulula. Ndingonena chimene aliyense amadziwa: kulira kwa chilombo kumabisa mwini wake. Mfuu iyi ndi yosiyana. Imatuluka ndi liwu lako lenileni, ndipo ngati uli ndi mantha aliyense amamva.

Inu simulemba kuti mwana walakwa samu musanaiwerengere nokha. Vulani nsapato kuti zala zigwire nthaka. Tangadzani miyendo, mawondo opindika pang'ono. Ikani dzanja lamanzere pansi pa mchombo, kokani mpweya ndi mphuno mpaka dzanjalo likankhidwe. Kenaka ponyani nkhonya yamanja, mpweya wonse utuluke nthawi yomweyo. Mukamva china chikulowa mwa inu, ndiye ndalakwa.

Ndidzamvera. Ndidzapita ku Kabudula. Ndikupempha chimodzi: wina adzabwere ndi Regina pa msewu, ndidzangomuona.

Mlamu wanu,
Simeon Mbewe


Mkanthama,
24 Marichi 1946

Kwa Kopolo Simeon Mbewe, Keyala, Zomba.

Bambo a Regina,

Moni. Ine ndi mwana tili bwino. Kodi mwatsika bwino m'sitima? Kalata iyi ndalemba ndekha, ndipo ndikaponya ndekha ku Nsaru kuti isadzere m'manja mwa munthu. Mukhululuke zilembo zokhota.

Makalata anu onse ndinawatenga kwa achimwene, ndawerenga. Za Nicholas ndalira.

Tsopano imvani zimene zachitika kuno. Lachiwiri lapitali, dzuwa litangotuluka, amayi awiri a m'mudzi muno, a Benedeta ndi a Hilda, anapita kukatola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango ya manda. Ali pomanga mitolo anamva chinthu chikukuwa m'tchire. Chinakuwa, n'kukhala chete, n'kukuwanso. Anataya nkhuni n'kuthamangira kumudzi akuti chatuluka chilombo, m'mudzi wa akhristu. A Clement anatenga amuna ndi zibonga. Atafika anapeza achimwene anga a Cornelius ali okha, nsapato ataziika bwinobwino pa chitsa, buluku atapinda mpaka m'mawondo, dzanja lina pamimba, nkhonya ili m'malere, kalata yanu ikusuzumira m'thumba la malaya.

A Clement akuti anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nsapato zalakwanji?"

Achimwene anati, "Ndikuyesa liwu la Chilatini."

"Chilatini chake cha kumanda?"

Pamenepo achimwene anangotsokomola, chifukwa mawu anali atasasa.

Tsopano mudzi wonse ukuti mzimu wa ku Japani unabwera m'kalata, ndipo unalowa mwa amene anatsegula envelopu. A Benedeta akuti ubwino wake sinatsegulidwe ndi ine. Makolo ena aletsa ana kupita kusukulu. A Frackson anayenda ndi mwendo wawo womwe uja kuchokera ku Nsaru kudzangoona nkhope ya achimwene.

Ndinawapititsira phala la m'mawa ndi madzi otentha a kukhosi. Anandiyang'ana, nati, "Nena, Natalia." Ndinati, "Achimwene, mupite kwa amayi a ndani inu?"

Ine sindidziwa za Chilatini. Ndikudziwa kuti nyumba iyi ndinazira ndine, ndipo chitseko chake ndimatsegula ndine. Koma dikirani kalata ya achimwene, chifukwa ndawaona akulemba, ndipo sindikufuna kuti mulowe m'mudzi ngati wakuba.

Mkazi wanu,
Natalia


Mkanthama, Nambuma,
31 Marichi 1946

Kwa Kopolo Simeon Mbewe, Zomba.

Alamu,

Moni, ndipo ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani mutaponda kale nthaka ya kwathu. Fodya ali m'chigafa, chimanga chikuuma bwino. Mutiuze tsiku limene galimoto lidzakutsitseni ku Lilongwe.

Ndikudziwa kuti Natalia wakulemberani, ndipo ndikuganiza kuti sanasiyeko kanthu. Ine ndingowonjezera mmene ndinafikira pa chitsa chija.

Ndime imene inandiimitsa m'kalata yanu ndi ya Higa akuuzira m'chikhato. Ndili ku seminale tinaphunzira kuti liwu la Chilatini limene timalimasulira kuti mzimu, spiritus, muzu wake ndi kupuma, ndipo limatanthauzanso mpweya. Liwu la Chingerezi limene ndinakuphunzitsani linachokera pomwepo. Ine ndinakupatsani tanthauzo limodzi lokha, chifukwa ndilo linkafunika pa katekisimu. Choncho liwu linachoka kwa Higa, n'kudzera kwa womasulira, n'kudzera kwa inu, n'kufika kwa ine litavala chovala chimene ndinalisokera ndekha. Njira yachinayi imene ndinati sindikuiona inali m'mutu mwanga momwe.

Komabe kufanana kwa mawu si umboni wokwanira. Munthu akhoza kutcha chinthu mpweya pamene ndi china. Munanena zoona kuti sindiweruza samu imene sindinaiwerengere, ndipo ndinaona kuti ndiyenera kuyesa. Ndinafuna malo amene sikupita anthu, kuti ana a sukulu asandione. Ndinaganizira za dambo, koma kuli abusa a ng'ombe. Ndinaganizira za chigafa, koma chili pafupi ndi nyumba. Malo okhawo opanda anthu m'dera lonse lino ndi m'mphepete mwa manda. Ndinafika kumeneko mwa kulingalira kolongosoka, ndipo ndikuganiza kuti mphunzitsi wa Higa anafikanso pa bwalo lake mwa njira yomweyo.

Chimene ndinapeza ndichilemba monga chinalili. Palibe chimene chinalowa mwa ine. Chinatuluka ndi mpweya, ndipo utatuluka panali kanthawi kochepa pamene m'mutu mwanga munalibe mtsutso uliwonse. Sindikumbukira kuti zimenezi zinandichitikirapo liti. Ndinabwereza kuti nditsimikize, ndipo kubwerezako n'kumene kunathamangitsa a Benedeta.

Musaganize kuti nkhawa zanga zonse zatha. Mfuu yosamveka imene mwaitchula sindikuimvetsa, ndipo chinthu chimene sichimveka n'chovuta kuchiyang'anira. Kuwerama kuja ndikufuna kudzakuona ndi maso, ndidziwe ngati ndi ulemu kapena kupembedza. Mafunso amenewa ndidzakufunsani muli pakhonde panu.

Chigamulo changa cha Januwale ndachichotsa. Musapite ku Kabudula, ndipo Regina sadzaima pa msewu. Mubwere molunjika kunyumba kwanu.

Mlandu pamaso pa akuluampingo ulipobe, Lamulungu lotsatira Pasaka, koma woyankha ndine. A Clement akuti sukulu iyamba yaima mpaka zimveke. Ndinawafotokozera za spiritus kuyambira pa muzu, iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Zamveka, aphunzitsi. Nanga nsapato?" Ndikuona kuti Chilatini sichindipulumutsa. Pafunika munthu woti adzaime pabwalo la tchalitchi masana, nkhope yake ikuoneka, anthu onse akudziwa kuti ndi bambo a Regina, n'kufuula kamodzi ndi liwu lake lenileni. Ndikudziwa kuti Higa anakuletsani kuonetsa kwa ongoonerera. Awa si oonerera, ndi oweruza, ndipo mboni ina ndilibe.

Mukadzafika mudzandionenso pamene ndikulakwitsa. Ndinatsata zonse monga munalembera, koma kukhosi kukundipwetekabe.

Mlamu wanu,
Cornelius Nkhoma